Mtolo Umene Unasowa ku Yofu

Yofu, Likoma
9 Okutobala 2023

Mervis mwanawe,

Landira moni wochuluka kumeneko ku Joni. Kaya wadzuka bwanji? Ine kuno ndilipo, kungoti mawondo ndi makutu zinapita pa penshoni osanditsanzika. Nchifukwa chake ndikulemba kalata. Pa foni ndimangomva ngati udzudzu watsekeredwa m'botolo.

Za imfa ya amalume ako a Oswald wamva kale kwa mlongo wako Raymond. Koma Raymond ndi kalaliki, nkhani amainena ngati akuwerenga chidziwitso cha boma. Ine msuweni wawo ndiyenera kukuuza bwinobwino. Undilole ndizingoti Oswald, chifukwa munthu amene ndinkaba naye mango a amishoni sindingayambe kumulemekeza lero.

Lolemba pa 2, dzuwa lili paliwombo, amayi ochokera kumsika ku Chipyela anamupeza atakhala pansi pa mlambe panjira ya ku Khuyu, chipewa chili pa bondo. Anamupatsa moni kawiri, iye chete. Mmodzi mpaka anakwiya nati, "A Oswald, kunyada mwayamba liti?" Atamugwira paphewa anangopendekeka. Basi, kutha kwake kumeneko.

Chilumba chonse chinagwira pakamwa. Dzulo lake lomwelo anali m'tchalitchi chachikulu, akuimba mosemphana ndi mpingo wonse monga mwa masiku onse. Munthu wosadziwa khomo la chipatala! Ine atandiuza ndinaseka, ndinkayesa akundibwezera nthabwala zanga. Nditaona machira ndi pamene ndinakhulupirira.

Taganiza, zaka 79, munthu wobadwira pakati pa madzi, koma nkhafi kapena ukonde sanagwirepo. Ankachita chizungulire ngakhale poyang'ana m'beseni. Anzake tonse tinabalalika, ena ku usodzi, ena ku migodi, ine kukapenta zitsulo za sitima ndi kuvina malipenga. Iye anatsala ndi munda wa miyala uja, umene ngakhale khwangwala ankaudutsa mwachisoni. Anatola miyala zaka makumi asanu ndi limodzi, mpaka dothi linachita manyazi nkuyamba kubereka. M'mawa ankayamba kulonjera chinangwa, anthufe pambuyo.

Akazi ndinamupezera atatu. Wachitatuyo anamutengera kumunda, nkumuonetsa mizere kuyambira m'mawa mpaka belu la masana. Mayiyo anakwera bwato tsiku lomwelo. Kenako mayi ako Dora atamwalira anakutengani awirinu, nandiuza kuti, "Ana ndapeza, usandivutenso." Iwe unakulira pamsana pake iye akupalira. Mawu ako oyamba sanali "amama", anali "khasu". Zimenezi ukhoza kufunsa aliyense, ngakhale ambiri odziwa anafa.

Tinamuika Lachinayi. Anthu anachokera mbali zonse. Analira ngakhale a Basil, amene pa maliro a akazi awo ankangofunsa za ndiwo. Koma pamenepo mwina unali utsi, chifukwa utsi wa maliro amenewa unali wachilendo. Za utsi ndidzakuuza tsiku lina.

Usandifunse chimene ankafuna ku Khuyu. Mwina anapeza chibwenzi pa ukalamba, ndani akudziwa.

Esme wa geni uja anakwera sitima m'mawa wa Lolemba lomwelo, atanyamula kathumba ka ufa wa kondowole kamene Oswald anakutumizira. Kafika? Unditumizireko magalasi owerengera, anga ndinawakhalira pa maliro.

Ndine amene ndikanakhala bambo ako, Dora akanapanda kuona mano anga,
Mclean


Joni
24 Okutobala 2023

Bambo Mclean,

Moni kwa inu ndi onse a ku Yofu. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Kalata yanu ndinaiwerenga chiimire m'khichini mwa abwana, mpunga mpaka unapserera.

Sindikumvetsa. Amalume pa Lolemba sankachoka m'munda belu lisanalire, ngakhale kubwere bishopu. Ku Khuyu analibe mnzawo, analibe mlandu. Wapansi, dzuwa la Okutobala, munthu wa zaka zimenezo? Nthabwala ya chibwenzi ija sindinaseke, mundikhululukire. Ndiuzeni zoona.

Tsopano mverani chimene Raymond sakudziwa. Ndinauza kale adona kuti ndikusiya ntchito kumapeto kwa Novembala. Zaka zisanu ndi zinayi zakwana ndikutsuka mbale za eni. Mapepala anga anatha kalekale, ndiye ndikangotuluka dziko lino sindidzalowanso. Tinapangana ndi amalume pa foni kuti ndidzabwere kudzatenga munda. Anandiuza kuti akumba mbali yaikulu, ndipo mbewu aimika pansi pa mango, mitolo isanu ndi umodzi. Anati, "Mvula ikagwa tidzabzala limodzi, ndikuonetse."

Inu mumachiseka chinangwa chawo chija cha Dikirani, chimene agogo anawoloka nacho kuchokera kutsidya atachikulunga m'nsalu. Mumati nchowawa ngati apongozi, ndipo munthu amamera imvi akuchidikira zaka ziwiri. Koma mukukumbukira njala ya 2002? Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Chinangwa chozuna cha anthu chinatha ndi matenda ndi akuba. Dikirani anali phee pansi pa nthaka. Pakhomo pathu pankakhala mzere wa mbale, ndipo amalume sanabwezepo munthu. Inunso mbale yanu inalipo, yobiriwira, yaikulu kuposa zonse.

Ndiye ndikukupemphani. Chinangwa chilibe njere zoti nkusunga m'botolo, mbewu yake ndi mtengo womwewo. Ukauma, mtundu watha. Muzithira madzi m'munsi mwa mitoloyo pakapita masiku atatu, ndipo mbuzi zisayandikire. Amalume sanandisiyire nyumba ya malata kapena bwato. Andisiyira mitolo imeneyo, ndipo ndi imene ndikubwerera.

Ufa unafika. Sindinamasule ngakhale mfundo yake, poti anaimanga ndi manja awo. Uli pamwamba pa sutikesi.

Magalasi ndapatsira adalaivala a basi ya ku Mzuzu pamodzi ndi kalata ino.

Mwana wanu,
Mervis


Yofu
6 Novembala 2023

Mervis,

Moni. Magalasi afika, zikomo. Nditavala ndinadziyang'ana pa kalilole, ndipo tsopano ndamvetsa chifukwa chake ana amandithawa.

Ngati uli chiimire, khala pansi, ndipo mphika uchotse pamoto.

Ukudziwa kuti pa Likoma nkhuni nzovuta kuposa nsomba, zimachokera kutsidya pa mabwato. Sabata ya maliro mphepo ya mpoto inakalipa masiku atatu, palibe bwato limene linawoloka. Pamaliro anthu mazanamazana, miphika khumi pamoto. Pofika tsiku lachiwiri nkhuni zinatha, nyemba zikadali ngati miyala. Raymond analamula kuti agwetse mpanda wa munda. Unapsa wonse. Nyemba osapsa. Ndiye maso ake anagwera pansi pa mango.

Amayi ena anakana. Mayi Tiyese, oyandikana nane aja, anati, "A Raymond, imeneyo si nkhuni, ndi mbewu!" Iye nkuyankha kuti, "Mwini wake wagona m'nyumbamo, abzala ndani?" Ine panalibe. Ndinali m'nyumba pafupi ndi bokosi, mutu uli pakati pa mawondo. Ndinangomva fungo. Mtengo wauwisi wa chinangwa sufuna kuyaka, umalira thovu kumapeto, utsi wake woyera ngati nsalu ya paguwa. Ndinatuluka ndikuthamanga, ine amene ndinasiya kuthamanga nthawi ya ndalama za mapaundi. Ndinapeza mtolo womaliza uli pakati pa mafuwa. Mitolo isanu, Mervis, yonse phulusa. Tinatentha mbewu ya munthu kuti tiphike nyemba zomulirira.

Ukuti nanga chotsala m'munda? Mpanda utapita, mbuzi za mudzi wonse zinachita msonkhano waukulu, zina zochokera kutali zoti sitinazionepo. Ife tili kumanda, izo zili pa phwando. Zinadya masamba, zinasenda makungwa, zinathyola mitengo. Zotsala dzuwa linamaliza. Ndayenda mzere ndi mzere ndi magalasi akowa, sindinapeze diso limodzi lamoyo.

Ndafunsa khomo ndi khomo kuno ku Yofu. Palibe amene ali ndi Dikirani. Onse anatenga mitundu yatsopano yofulumira, ya anthu opanda chipiriro. Ena akuti mwina kutsidya, koma kumene agogo ako anachokera kunasanduka tchire nthawi ya nkhondo.

Ndimafuna kukuuza m'kalata yoyamba, cholembera chinakana.

Mbale yobiriwira ija sinali yaikulu, iwe ndi amene unali wamng'ono.

Za ku Khuyu ndikanalemba, koma magalasi atsopano ayamba kundiwawitsa maso.

Ndine,
Mclean


Chipyela
8 Novembala 2023

Mlongo wanga Mervis,

Ndikhulupirira uli bwino. Ndikulemba chifukwa foni yanga sukuyankha, ndipo ndamva kuti a Mclean akulembera za mitolo. Ndikufuna zinthu zitatu zimveke.

Choyamba, usandiweruze ndekha. Nkhuni zitatha ndinakuimbira. Unandiuza ukulira kuti, "Otchani chilichonse, ndisamve kuti pa maliro a amalume anthu akhala ndi njala." Ndinachita zimene unanena. Zoti ukubwera kudzalima sunandiuze, ndazimvera kwa a Mclean. Ndikanadziwa bwenzi nditaotcha chitseko changa.

Chachiwiri, mitolo ndinaipeza isanu, osati isanu ndi umodzi. Umodzi unabedwa amalume akadali moyo.

Chachitatu, ndadziwa chimene ankafuna ku Khuyu. Mayi Phyllis a kumeneko akuti m'mawa wa tsikulo amalume ankayenda khomo ndi khomo kufunsa za mtolo wawo, ati wina anawauza kuti unaoneka ku Khuyu. Anawapatsa madzi, anamwa, nkupitiriza. A kuchipatala anati ndi mtima ndi dzuwa. Ine ndikuti ndi wakubayo. Ndikufufuza, ndipo ndikamupeza adzaona.

A Mclean sali bwino. Aonda, pa bawo sakuonekanso, ndipo akumasamba kunyanja ngati mwana pamene bafa ali nalo pakhomo. Imfa iyi yawagunda kwambiri.

Yankha foni.

Mlongo wako,
Raymond


Joni
21 Novembala 2023

Bambo Mclean,

Moni. Ndalandira kalata yanu ndi ya Raymond tsiku limodzi. Sindinapite kuntchito masiku awiri.

Mawu aja ndinanenadi. Ndinali pa siteji ya basi, ndikulira, sindinafunse kuti chilichonsecho nchiyani. Ndiye kuti moto unayatsidwa ndi pakamwa panga, ndili kuno. Mbewu imene inapulumuka nkhondo ndi njala yathera pa nyemba.

Ndapita kwa adona kukapempha kuti andisungebe. Avomera. Ndibwerere chiyani kumudzi? Kudzalima miyala?

Koma chimene chikundiwawa kwambiri ndi china. Amalume anafera panjira ngati munthu wopanda kwawo, akupempha chinthu chawo chomwe m'makomo mwa anthu. Amene anaba mtolo uja, ndi amene anawatumiza ku Khuyu, kaya ndi anthu awiri kaya ndi mmodzi, anawapha. Munthu amene anadyetsa mudzi wonse! Ndani ku Yofu amene sanadyepo za m'munda umenewo? Ngati mtolowo akadali nawo, umuphukire pamutu, anthu onse amuone.

Inu mumadziwa aliyense pachilumbapo, mumadziwa ndi mbuzi zomwe maina. Munandibisira za wakubayo kuti ndisapwetekeke, ndikumvetsa. Koma tsopano ndipezereni dzina lake. Sindimuchita kanthu, ndikungofuna ndilidziwe. Raymond ndi waphuma, akhoza kugwira wosalakwa. Ndatsala ndi inu nokha amene ndingamukhulupirire.

Muzidya, ndamva kuti mwaonda.

Mwana wanu,
Mervis


Yofu
4 Disembala 2023

Mervis,

Moni ndilibe, ndayesa kumulemba katatu.

Dzina ukulifunalo lili pansi pa kalata ino.

Ndine ndinatenga mtolo. Si anthu awiri, ndi mmodzi. Ndinautenga Lachisanu masana iye atapita kukavuula chinangwa kunyanja, nkukauimika kuseri kwa bafa langa, pakati pa mpanda wa udzu ndi nthochi. Sindinayambe chaka chino. Aka nkachitatu. Iye ndi ine ndife asuweni, kuputana tinayamba tisanamere mano. Ndinkabisa mtolo umodzi, iye nkumazungulira mudzi akuyankhula yekha, chipewa chili m'manja. Akatopa ankabwera pakhomo panga kudzadandaula za kuipa kwa anthu a masiku ano, ine nkumamuthandiza kutukwana wakubayo. Mawa lake ankaupeza mtolo uli pamalo pake. Ankati ndi angelo. Ine ndinkaseka sabata yathunthu.

Chaka chino sanabwere kudzadandaula. Ndinaona kuti nthabwala ikuzizira. Ndiye Lamulungu potuluka m'tchalitchi ndinamukokera pambali nkumunong'oneza kuti, "Msuweni, ndamva kuti ku Khuyu kwaoneka munthu atasenza mtolo wonga wako." Anandiyang'ana nati, "Ku Khuyu?" Ndinati, "Ku Khuyu." Lolemba m'mawa anadutsa pakhomo panga atavala jekete la ku Misa. Ndinabisala kuseri kwa chitseko ndikuluma malaya kuti asandimve. Ndinaseka mpaka misozi, Mervis. Pamene ankakhala pansi pa mlambe paja, ine nkuti ndikusekabe.

Pa maliro ndinali pafupi ndi bokosi osati chifukwa cha chikondi chokha. Ndinkaopa kutuluka.

Mtolo ulipo. Ndinasiya kusamba m'bafamo chifukwa sindingathe kuvula pamaso pake. Koma m'mawa uliwonse ndimathira ndowa imodzi kudzera pansi pa mpanda, nkhope nditatembenuza. Temberero lako lagwira. Waphuka. Masamba atulukira pamwamba pa udzu, ndipo dzana mayi Tiyese anandifunsa kuti, "A Mclean, bafa lanu layamba kubala chigwada?" Ndinati ndi maluwa achizungu. Sanaseke.

Ndinaganiza zambiri. Kuuponya m'nyanja. Kuutentha, poti anzake anapsa kale. Kapena kukauimika pansi pa mango nkunena kuti angelo aja abweranso, ansembe akanalalikira za chozizwitsa Lamulungu. Njira imeneyo inali yabwino kwambiri, mbewu ikanapulumuka, inenso ndikanapulumuka. Koma iwe unalemba kuti watsala ndi ine ndekha womukhulupirira. Mawu amenewo andilanda njala kuposa malungo.

Raymond ndamuuza dzulo. Ndinamutengera kuseri nkumuonetsa. Anayang'ana mtolo, anayang'ana ine, pakamwa pali yasa. Anabwerera ku Chipyela, chipewa chake nkuchiiwala pa mpando wanga.

Kutsidya mitambo yayamba kuda, mapiri sakuoneka masana. Mvula ili pafupi, ndipo mtengo wophuka sudikira. Mtolowu ndi wako. Unene chochita nawo. Za ine usavutike, ukhoza kuuza mpingo, ukhoza kuuza apolisi. Magalasi ukawafuna ndibweza.

Mclean


Joni
17 Disembala 2023

A Mclean,

Kalata yanu ndinaiwerenga kamodzi, nkuing'amba. Kenako ndinatola zidutswa nkuziyala pabedi kuti ndione ngati ndinawerenga bwino. Inu? Inu amene munkandinyamula paphewa kukaonera malipenga? Ndinakhala pansi pa simenti kuyambira masana, osatha kulira, osatha kudzuka.

Madzulo ndinati palibenso chosungira zinthu. Ndinatsitsa kathumba ka ufa kaja kuti ndiphike kondowole, ndidye, zithe. Mfundo inakana, ndinadula ndi mpeni. Nditalowetsa chikho ndinagunda pepala la pulasitiki la shuga, lokwiriridwa pakati pa ufa. M'kati mwake munali kalata. Amalume sanandilemberepo kalata chibadwire changa. Yakhala pamwamba pa sutikesi yanga miyezi iwiri, ine ndikutemberera anthu.

Ndikukoperani monga momwe ilili.

"Yofu, 1 Okutobala. Mervis. Ndili bwino. Ufa uwu ndi wa Dikirani, usapatse anthu osadziwa. Kalata ndaika m'kati kuti Esme asataye. Mitolo isanu ili pa mango. Wachisanu ndi chimodzi waba Mclean. Ndi chaka chachitatu. Amayesa sindidziwa, koma nsapato zake za matayala nzosiyana mapazi, kwina galimoto kwina thirakitala. Ndimaika dala mtolo wabwino kumapeto kuti atenge umenewo. Kuseri kwa bafa lake kuli chinyezi ndi mthunzi, mbewu imasungika bwino kuposa kwanga. Amabweza ndikakadandaula, ndiye chaka chino sindidandaula mpaka mvula. Umenewo ndiwo wako weniweni. Lero wandiuza kuti ndikafune ku Khuyu. Mawa ndipita. Nkutali koma ndipita. Chimwalirire mkazi wake Cathy amangoseketsa ena, iye saseka, ndipo sadya bwino. Akandiona ndikufunafuna amaseka, akaseka amadya. Usamuuze. Ubwere ndi nsapato zolimba, minga yachuluka. Malume wako, Oswald."

Ndakuuzani, ngakhale anati ndisakuuzeni.

Sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani tsopano. Inu munawatuma, iwo anapita akudziwa, ine ndinayatsa moto, Raymond anasonkhezera. Zoti ndakukhululukirani sindinena lero, chifukwa lingakhale bodza.

Koma mvula sidikira kuti mtima wanga uphwe. Mubzale. Inuyo, ndi msana wanu, musalembe aganyu. Muzidula zidutswa zotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja, maso ayang'ane kumwamba. Raymond amange mpanda umene anagwetsa. Ndauzanso adona kuti ndikupita, akuti mutu wanga sukuyenda bwino. Ndifika kumapeto kwa Januwale, ndipo ndidzayamba kuona mizere ndisanaone nkhope yanu.

Mervis


Yofu
3 Januwale 2024

Mervis mwanawe,

Moni wa chaka chatsopano, ngati ungamulandire kuchokera kwa ine.

Ankadziwa! Zaka zitatu! Ine ndikuluma malaya kuseri kwa chitseko, iye akudutsa ndi nkhope ya maliro, mumtima akuti, seka chitsiru, undisungire mbewu. Ndinkamuthandiza kutukwana wakuba, iye nkumavomera kuti, "Zoona msuweni, ameneyo ndi galu," akundiyang'ana m'maso! Munthu amene moyo wake wonse sananenepo nthabwala imodzi! Ndinawerenga kalata yako katatu, kenako ndinatembenuza nsapato zanga. Nzoona, kwina galimoto, kwina thirakitala.

Ndinapita kumanda masana omwewo kukamuuza mawu. Ndinati, "Oswald, ukanangofika pa Chipyela nkubwerera, ine ndikanaseka chimodzimodzi. Ku Khuyu unkafikiranji?" Sanayankhe, monga mwa khalidwe lake. Ndinakhala pamenepo mpaka mvula inandipeza. Pobwerera ndinadya mbale yobiriwira yodzaza, sindikudziwa chifukwa chake.

Tabzala. Ndagwira khasu koyamba ndili ndi zaka 77, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaonera ngati kwagwa ndege. Nkhani yonse ndinawauza ndekha nditaima pa mzere. Ena anatukwana, a Basil analavula, mayi Tiyese anangoti, "Ndinadziwa kuti si maluwa." Mwayi wake mitengo inali itaphuka kale, apo ayi ndikanabzala chadodolido. Yakwana mizere isanu ndi inayi, yokhota ngati njira ya woledzera, koma yagwira. Raymond wamanga mpanda, m'manja muli matuza okhaokha. Sakundiyankhulabe, koma chipewa anabwera kudzatenga, ndipo anakhala pansi pang'ono.

Msana wanga ukadzafika udzaupeza uli pa mphasa, ine ndili pambali pake.

Mitengo isanu ndi iwiri sindinadule. Ndaimanga kamtolo, kuti pamene pafa udzabwezeretse wekha ndi dzanja lako. Ndinakaimika pansi pa mango, pamalo pake. Koma kunena zoona pamenepo mpouma, mwini wake ananena yekha.

Ndiye ukafika nkupeza kuti pa mango palibe kanthu, usapite ku Khuyu. Ukudziwa kumene kali. Koma usathamangire kuseri kwa bafa, mwanawe. Uyambe wafunsafunsa pang'ono, ngakhale makomo awiri okha, apafupi, m'mawa dzuwa lisanatenthe.

Ndine wakuba wa amalume ako,
Mclean